Tsiku lomwe Tsikani-Tikankhe idamera mano

Njinga yanga yamoto dzina idalipeza pa Khwekhwerere, ndipo woipatsa sindine. Adaipatsa ndi ana a m'mbali mwa msewu, aja amakhala pamwala n'kumawerenga magalimoto otsikira kunyanja. Ankati akangomva kulira kwake kuchokera kumunsi, kulira kwa chinthu chopempha chikhululuko, onse dzambatu, n'kuyamba kukuwa: "Tsikani tikankhe! Tsikani tikankhe!" Mwezi usadathe dzinalo lidali litafika kale pamsika wa Lizulu, ndipo ngakhale mayi a kunyumba, amene amayenera kukhala mbali yanga pa zabwino ndi pa zoipa, ankandifunsa m'mawa nkhope ili gwa kuti, "Kodi Tsikani-Tikankhe mwaithira mafuta?"

Kwa inu amene simudaudutsepo, msewuwu umayambira pa Golomoti, kuchigwa kotentha cha kunyanja, n'kukwera mokhotakhota kudzera ku Mganja mpaka kukatulukira pa Masasa, pamsewu wa M1 pakati pa Dedza ndi Lizulu. Madzi a nyanja ya Malawi ali pamamita pafupifupi 470 kuchokera pamlingo wa nyanja zamchere, pomwe tawuni ya Dedza ili cha m'ma 1,600. Mamita ali pakatiwo wina ayenera kuwakwera, ndipo kawiri pasabata winayo ndimakhala ine. Potsika ndimanyamula kachewere ndi kabichi. Pokwera ndimasenza mpunga wa Kilombero wa kusikimu ya Bwanje, matumba awiri a makilogalamu 50, n'kuwonjezerapo mwiniwakene amene nsima sindikana.

Njingayo ndi ya ku China, ya 150, magiya asanu. Ndidaigula kwa mnyamata wina amene ankachitira kabaza m'misewu ya mu Lilongwe, ndipo tsiku loyesa adanditengera pamsewu woyalika ngati mphasa. Ndidakoka moto, muvi wa sipidi n'kukagunda 95, mphepo ili fyuu m'makutu, mtima dyokodyoko. Ndalama ndidapereka osanenerera n'komwe. Zoti munthu wogulitsa mpunga wa kuchigwa kwa anthu a kumapiri 95 akaigwiritsa ntchito pati, sindidadzifunse.

Ulendo woyamba ndi katundu ndi umene udandionetsa mbonaona. Kuchoka pa Golomoti zonse zidali bwino, ndili mu faifi, mluzu pakamwa. Chitunda chitangoyamba faifi idakana. Folo idapuma wefuwefu, fili idayesako pang'ono n'kugonja. Thu idandinyamula mpaka pakona ina yopindika ngati chigongono, pamene msewu umakhota ukukwera nthawi yomweyo, ndipo pamenepo ndidaponda wani ndi chikhulupiriro chonse. Wani ndiye mathero, kumunsi kwake kulibe m'bale wina woti n'kumudandaulira. Injini idayamba kugogoda gu, gu, gu, ngati munthu akusinja mumtondo mopanda kanthu, ndipo poopa kuti ingazime ndidayamba kuinyengerera ndi kilatchi, kugwira theka kusiya theka. Posakhalitsa kudabwera kafungo kodziwika kwa wakabaza aliyense, ka oyilo wotentha ngati chiwaya chomwe chakhalitsa pamoto. Kenako zii. Miyendo pansi, njinga ikufuna kubwerera yokha ku Golomoti chafutambuyo, ine ndakakamira mabuleki, ana aja akutsika pamwala liwiro la mtondo wadooka.

Kukankhako sikudali kwaulere. Aliyense ankatambasula dzanja tikafika pamwamba, moti pamapeto pake m'kabuku kanga ka ndalama mudali mizere itatu yosasowa: mafuta, chiphaso cha pamsika, ndi "a pakona." Tsiku lina agogo ena osenza nkhuni adandipitirira pachitundapo, n'kundipatsa pepani waulemu wake, ndipo nditafika pamwamba thukuta lili kamukamu ndidawapeza atatula kale, akupuma pamthunzi.

Koma chomwe chidandipweteka mpaka m'mafupa ndi tsiku la ukwati wa mwana wa azakhali ku Masasa. Tidanyamuka ndi mayi a kunyumba atavala suti ya chitenje yosoketsa dala, gogoda kuphazi, kumbuyo tamangirira thumba limodzi la mpunga wa paphwando. Pakona yomwe ija njinga idachita mwambo wake. Mayi adatsika, adavula gogoda, adagwira kaliyala n'kuyamba kukankha osayankhula kanthu, ndipo mwamuna aliyense wokwatira akudziwa kuti chete wotereyu amaposa mawu. Tili pomwepo tidamva hutala pi-pii kumbuyo. Alamu anga, mlongo wawo wa mayiwo, ali panjinga yawo opanda katundu aliyense, mano onse pamtunda.

"Achemwali, kwerani kuno! Alamuwo atipeza Lolemba!"

Adakweradi. Ine kuukwatiko ndidafika anthu akutsuka mbale, ndi mpunga wosaphika.

Musaganize kuti ndidangokhala manja lende. Pulagi ndidasintha katatu. Kabureta adaitsuka, adaipuzira, adaitsukanso. Mapuleti a kilatchi ndidagula kawiri m'chaka chimodzi, ndipo ulendo wachiwiri kudali kutapita November wa 2023 uja ndalama ya kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100 iliyonse, masipeya atakwera mtengo moti wogulitsa ankayamba wakuyang'ana nkhope asadatchule. Mnyamata wina adandiuza kuti injini ikubanika, tiboole ekizozi ipume. Tidaboola. Mphamvu sidabwere, koma phokoso lokha lidabwera, ndiye ana a pakona adayamba kundimva ndili kutali kwambiri n'kumakonzekera bwino. Amalume anga adapukusa mutu n'kunena kuti zinthu zina si za sipanala, pali amene waimanga njingayi, ndipo ndisabise, kansanza kena kakuda kadagonapo pansi pa chishalo milungu itatu. Pa Khwekhwerere sikadakankheko ngakhale pang'ono.

Ndidali nditayamba kale kufunsa mitengo yoti ndiigulitse pomwe tsiku lina tcheni chidandivukira kuchigwa, ndipo ndidaikankhira pansi pa mlambe wina pomwe madala ena amakonzerapo njinga. Ndi munthu wa imvi, wosafulumira, amene pa unyamata wake ankakonza njinga za alangizi a zaulimi. Atabwezeretsa tcheni ndidawakhuthulira madandaulo anga onse, kuyambira pa pulagi mpaka paukwati, koma za kansanza ndidasiyako. Adaliza injini, adatenga sikuludiraiva yaitali, nsonga pa injini chogwirira kukhutu, n'kutsinzina ngati akumvera uthenga wa maliro pawailesi.

"Mwana wanga, injini iyi ilibe mlandu."

"Madala, ndiye wolakwa ndani? Ine?"

"Tiona."

Adandiuza kuti injini zambiri za njinga za ku China zoterezi adatengera ya Honda CG125, yomwe idatuluka mu 1975, ndipo a Honda adaipangira dala maiko ngati athu ano, komwe njinga imasenza banja lonse ndipo oyilo amasinthidwa mwini wake akakumbukira. Injini yotere siifa msanga, adatero, koma siikhalanso ndi mphamvu zotaya. Ndiponso ikamakwera phiri imanka ifooka chifukwa mpweya wa kumtunda ndi wopepuka: pamamita 1,000 aliwonse injini yopanda chopopera mpweya imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu zake. Ndiye kuti pomwe chitunda chikufuna zambiri ndi pomwenso injini ili ndi zochepa.

Kenako adaimika njinga pasitandi yapakati, adatola kachidutswa ka choko m'thumba la ovolosi, adagwada kutayala lakumbuyo n'kulemba kamzere padzino limodzi la sipuloketi. Adayamba kuzunguza tayala pang'onopang'ono, chala chikudumpha dzino ndi dzino, milomo ikugwedera. Ine ndili chilili, kudabwa kuti ndabweretsa matenda a injini koma sing'anga akuwerenga mano. Atabwerera pachoko paja adalemba pansi padothi: 38. Adamasula kachivundikiro ka kumanzere kwa injini, adapala matope osakanikirana ndi girizi, adawerenganso kasipuloketi kakang'ono ka kutsogolo, n'kulemba: 15.

"Wakuba wanu ndi ameneyu," adatero akuloza manambala awiriwo ndi phazi.

Poona kuti ndangoti kukamwa yasa, adandipatsa sipanala yaifupi n'kundilozera nati ina yadzimbiri pachitsulo chakale chomwe chidali pamenepo. Ndidakoka mpaka mitsempha ya m'khosi kuoneka, nati osasuntha. Adatenga paipi yotalika ngati mkono, adailowetsa kuchogwirira cha sipanala ija. Ndidangokankha ndi dzanja limodzi, nati kwee.

"Mwadya chiyani pakati apa kuti mphamvu zichuluke?"

"Palibe, madala."

"Mphamvu ndi zomwe zija, chatalika ndi chogwirira. Sipuloketi ya kumbuyo ndi paipi imeneyi. Ikakula, tcheni chimakoka tayala chili patali ndi pakati, ndiye tayala limamvera msanga. Koma taonani dzanja lanu: ndi paipi layenda ulendo wautali kuti nati izungulire pang'ono. Injininso itero. Izizungulira kambiri kuti tayala lizungulire kamodzi."

Ine masamu ndidasiyana nawo mwamtendere ndili Fomu 2, koma tsiku limenelo ndidatulutsa foni ndekha. Ukatenga mano a kumbuyo n'kugawa ndi a kutsogolo umapeza kuti kasipuloketi ka kutsogolo kamazungulira kangati kuti tayala lizungulire kamodzi. Zanga zidali 38 kugawa ndi 15, yankho 2.53, kawiri ndi theka. Madala adafufuta ndi phazi n'kulemba zina: 43 ndi 14. Foni idati 3.07. Kusiyana kwake ndi 21 pa 100 iliyonse, kutanthauza kuti m'giya iliyonse, kuyambira wani mpaka faifi, tayala lizikankha nthaka ndi mphamvu yoposa kale ndi gawo limodzi mwa magawo asanu, injini ili yomweyo, mafuta ali omwewo, osaboola kanthu.

"Nanga bwanji a kufakitale sadaike zimenezi?"

"A kufakitale sakudziwani. Iwo amaganiza za munthu mmodzi wopyapyala wopita kuntchito pamsewu wosalala, akufuna sipidi ndi kusunga mafuta. Za matumba anu a mpunga adawauza ndani? Mudaziona njinga za alangizi zija, ma Yamaha AG? Sipuloketi yake ya kumbuyo ngati mbale ya nsima. Sizithamanga, koma mudaionapo ikukankhidwa pachitunda?"

Sadandibisire mtengo wake wa zimenezi, ndipo sindikunena wa ndalama. Ukagula mphamvu umalipira ndi liwiro. Pomwe kale injini ikalira mwakutimwakuti mu faifi ndinkayenda 80, tsopano pakulira komweko ndiziyenda 66. Ndidamva kuwawa pang'ono, poti 95 ija ndinkaitchula pabawo ngati mwana wanga wopambana mayeso. Madala adangondifunsa kuti chiigulireni ndidaifikako kangati nditanyamula katundu. Ndidayang'ana kumbali.

Umphawi udandituma kufunsa njira yachidule. Kasipuloketi ka kutsogolo n'kotchipa, ndipo dzino limodzi la kutsogolo limagwira ntchito ya mano pafupifupi atatu a kumbuyo. Bwanji tingosintha komweko, tiike ka mano 12, kumbuyo tisiye? Adakana. Kakachepetsa, tcheni chimapinda mothina pozungulira, mano ochepa ndi amene amasenza katundu yense, ndiye zonse zimadyeka msanga, komanso tcheni chimayamba kukhula pachitsulo chogwira tayala. Kutsika ndi dzino limodzi lokha, 14 ndi 38, kumangopereka 2.71, zomwe ndi 7 pa 100, zokwanira munthu wa m'tawuni wofuna kunyamuka msanga pamphambano koma osati Khwekhwerere. Adandionetsanso mano a sipuloketi yanga yakale, momwe adapindikira mbali imodzi n'kusongoka ngati minga ya mthethe, ndipo adakoka tcheni kumbuyo kwa sipuloketi mpaka theka la dzino kuonekera. Tcheni chakutha pasipuloketi yatsopano chimaidya m'miyezi yochepa, chatsopano pa yakutha chimodzimodzi. Zitatuzi zimakwatirana tsiku limodzi ndipo zimaikidwa m'manda tsiku limodzi.

Adandilembera pachikatoni cha sopo: tcheni 428, malinki 118. Nambala ya 428 idalembedwa kale m'mbali mwa tcheni chakale, kungoti sindidayambe ndawerama kuti ndione. Kuchoka pa pini imodzi kufika pa inzake pamakhala mamilimita 12.7, ndipo sipuloketi iyenera kukhala ya muyezo womwewo, apo ayi mano salowa. Chakale chidali ndi malinki 116. Poti tcheni chimakuta theka lokha la sipuloketi, mano awiri owonjezera amafuna linki imodzi. Ife tidawonjeza asanu kumbuyo n'kuchotsa limodzi kutsogolo, otsala anayi, ndiye malinki awiri. Adandiuzanso kuti ndinyamule sipuloketi yakale m'jumbo popita kukagula, ndikaisanjike pa yatsopano kuti mabowo anayi a mabawuti agwirizane, chifukwa wogulitsa aliyense amalumbira kuti "imalowa bwinobwino" mpaka utafika nayo kwanu. Ndidakwera minibasi wa ku Lilongwe, ndidazungulira mashopu a masipeya cha ku Malangalanga ndi chitsulo chamafuta m'manja ngati wopemphetsa, ndipo shopu yachitatu mabowo adaonana. Zonse pamodzi zidandidyera ndalama yosafika thumba limodzi la mpunga, yochepa kuposa yomwe mapuleti a kilatchi ndi ana a pakona adali atandidyera kale.

Nditabwerera nazo kwa madala aja, ntchito yake sidatenge ngakhale maola awiri. Kutsogolo kuli kambale kogwira sipuloketi ndi timabawuti tiwiri: kumasula, kutembenuza kambaleko pang'ono, kusolola, kulowetsa ya 14. Kumbuyo adachotsa tayala, ndipo atavula sipuloketi adandionetsa timphira ta mkati mwa habu tomwe timafewetsa kukoka kwa injini, tiwiri titaphwanyika ngati zigumu zakale, n'kuikamo tatsopano. Chotchinga tcheni chidakana kubwerera m'malo chifukwa sipuloketi yakula, ndiye adachidula pang'ono ndi sowo n'kuchipinda ndi pulayazi. Pomwe adadekha kwambiri ndi pa kaloko kolumikizira tcheni, kachitsulo kopyapyala kooneka ngati kansomba, kotseka mbali imodzi, kotsegula mbali inayo.

"Usipa susambira chobwerera," adatero akukakankha ndi pulayazi mpaka kuti tche. "Mutu uziyang'ana komwe tcheni chikupita. Mukakatembenuza, tsiku lina kadzakola kanthu n'kuthawa, tcheni n'kugwa muli pakati pa phiri."

Pomanga tayala adawerenga timizere ta mbali zonse ziwiri kuti tifanane, tayala lisayende chankhanu. Kenako adandiuza kuti ndikhale pachishalo, iwo n'kukankha tcheni ndi chala chapakatikati, m'mwamba ndi pansi, mpaka chitamasewera masentimita awiri kapena atatu. Chothina kwambiri chimadya mabeling'i, cholendewera chimavuka. Adadontheza oyilo linki ndi linki, adapukuta manja pa ovolosi, adazunguza tayala ndi choko chija kuti ndione ndi maso anga: kasipuloketi ka kutsogolo katatu ndi kanthu, tayala kamodzi.

"Kamangeni matumba anu. Mukakankha, mudzatenge ndalama yanu."

Ndidadziwa kuti zinthu zasintha ndisadachoke n'komwe pansi pa mlambepo. Chizolowezi changa chidali chokoka moto wambiri, kusiya kilatchi pang'onopang'ono, miyendo ikupalasa pansi ngati bakha. Ndidachita zomwezo, njinga n'kudumpha ngati tonde womasulidwa pachingwe, mpaka ndidatsala pang'ono kusiya nsapato. Madala ali kumbuyo chikhakhali.

Chitunda chidayamba pamalo pake pa masiku onse. Faifi idagwira kanthawi ndithu isadapemphe folo. Folo idakwera mtunda womwe kale udali wa fili, ndipo fili, abale anga, fili idangoti ndiii, mawu amodzi osanjenjemera, ngati kwaya yomwe yaphunzira bwino nyimbo. Ndidayamba kuyang'ana kumbuyo kuti mwina matumba agwa. Adalipo onse awiri, zingwe zili gwa. Tikuyandikira kona ya chigongono ija mtima udayamba kugunda, dzanja lamanzere lapita kale pakilatchi mwachizolowezi, phazi likufunafuna wani. Pamwala paja ana adali ataimirira kale, wamkulu wao akupinda malaya.

"Tsikani tika..."

Ndidalowa pakonapo mu thu. Ndidakhota mu thu. Ndidatuluka mu thu, injini ikupempha fili, ndipo ndidaipatsa. Mawu a anawo adathera m'kamwa. Pagalasi ndidangoona timitu tikutembenuka kunditsatira, kamodzi kali ndi manja m'chiuno ngati kapitawo yemwe antchito amuthawa. Ndidaliza hutala kuyambira pamenepo mpaka kona yotsatira, ndikuseka ndekha m'chipewa ngati wamisala, misozi ikutuluka, kaya ndi ya mphepo kaya ndi ya chiyani. Munthu wamkulu, wa ana anayi, kukuwa pakati pa phiri kuti "Wani sindinamugwire! Wani sindinamugwire!" Mayi ena amene ankatsika ndi dengu pamutu adapatukira kutchire.

Pa Masasa ndidaima, ndidatsika, ndidaizungulira njingayo kawiri. Fungo la chiwaya lija kulibe. Ndidagwada n'kuyang'ana sipuloketi yatsopanoyo ikunyezimira, mano asanu okha owonjezera, oti ukawaika m'dzanja sangadzaze ngakhale chikhatho. Chaka chathunthu cha manyazi, ukwati wa mwana wa azakhali, kansanza ka amalume, zonsezo mano asanu ndi limodzi.

Kunyumba ndidafika dzuwa likadali pamutu. Mayi adatuluka m'khitchini chipande m'manja.

"Bwanji, simunapite?"

"Ndapita, ndabwera."

"Mpunga mwausiya kuti?"

"Ndagulitsa."

Adayang'ana ine, adayang'ana njinga, adayang'ananso dzuwa. "Mwakwera lole," adatero, n'kubwerera kukhitchini.

Zina zabwino zidadza zomwe sindidaitanitse. Kale faifi idali giya ya ulemu chabe: mwera ukawomba mu June, kapena msewu ukangodzuka pang'ono, folo inkathamanga kuposa faifi chifukwa injini inkalephera kuikoka. Tsopano faifi ndi giya yogwira ntchito tsiku lonse. Kutsika nako kudasintha. Ndi kachewere kumbuyo, mabuleki a dilamu amatentha ukawakakamira mtsetse wonse, ndipo akatentha amayamba kugwira mwaulesi pomwe ukuwafunitsitsa. Lero ndimaika thu kapena fili, kusiya moto, injini n'kumaigwira njinga yokha ngati munthu wogwira ng'ombe pachingwe, mabuleki ndikungowakhudza pofika pakona. Mapuleti a kilatchi omwe ndidaika nthawi ija akadali momwemo. Muvi wa sipidi sudayambe kunama, poti pa njinga yangayi chingwe chake chimachokera kutayala lakutsogolo. Anzanga a njinga zomwe zimawerengera liwiro kugiyabokosi ndi amene muvi umawanamiza akasintha masipuloketi.

Zolipira nazo ndikulipira, sindikana. Ndikatsikira pa M5 kulowera ku Salima, msewu uli tambalale, injini imalira mokweza ndikangopitirira 70, zogwirira zimanjenjemera mpaka zala kuchita dzanzi, ndipo mafuta pamsewu wotere imamwako mowonjezera pang'ono. Anyamata a kabaza amandipitirira fyuu, ena akundikodola monyoza. Ndimawasiya. Ndimadziwa pomwe tikakumane.

Kukondwa kudandipusitsako kamodzi. Nditaona kuti matumba awiri akukwera ngati mapilo, ndidamangirira lachitatu. Injini idakoka ndithu, koma ndisadafike ku Mganja ndidamva thwa, thwa kumbuyo, masipoko awiri apita, tayala likuvina. Madala atandiona ndikubwera nayo sadakweze mawu.

"Ndinakupatsani mano, mwana wanga. Msana sindinakupatseni, mabuleki sindinakupatseni."

Ndidalipira masipoko mwakachetechete.

Ana a pakona adayesa masabata angapo kusunga dzina lakale, koma dzina lopanda umboni silikhalitsa. Pano ndikamadutsa amakuwa kuti "Mbuzi! Mbuzi!" ndipo ndimawaponyera maswiti mwa kufuna kwanga, poti mzere wa "a pakona" m'kabuku muja ndidaufufuta. Sipuloketi yakale ya mano 38 mayi adaitsuka ndi phulusa, ndiyo amatulirapo poto wotentha.

Mwezi wathawu alamu anga aja adayamba nawonso geni ya mpunga, ataona kuti ikundipindulira. Loweruka lina tidanyamuka limodzi pa Golomoti, aliyense matumba awiri. Kuchigwa adandisiya kutali, chipewa chili pachigongono, akundibayibitsa ndi dzanja. Ndidawapeza pakona ya chigongono, miyendo pansi, ana atawazungulira kale akukambirana mtengo. Ndidachepetsa moto, ndidatsika mu thu, ndidaliza hutala pi-pii mwaulemu wonse.

"Alamu, kuli uthenga wopita kwa achemwali anu? Ndiwauze kuti mufika Lolemba?"

Usiku womwewo, titadya, ndidamva agalu akuuwa kuseri kwa nyumba komwe ndimaimika njinga. Ndidasuzumira pazenera. Alamu ali chogwada kutayala lakumbuyo, tochi ya foni kukamwa, chala chikudumpha dzino ndi dzino. Choko adalibe, ndiye akafika cha m'ma 40 ankasokonezeka pomwe adayambira, n'kupukusa mutu, n'kuyambiranso. Ndidawasiya awerenge katatu ndisadatsegule chitseko.